Kodi Mfuti ndi Malonda Nchithandizo? Umboni wa Chigwa cha Shire

Pali funso limene akuluakulu a maiko olemera amakanganapo akasonkhana kuti awerengere zimene achitira maiko osauka, ndilo lakuti: kodi chuma chimene dziko lamwaza pa asilikali ndi zida zankhondo m'dziko la eni, ndiponso malonda amene anthu ake achita kumeneko, nkoyenera kuziika m'kaundula mmodzi ndi mankhwala, masukulu ndi chimanga cha pa njala, nkuzitcha zonsezo chithandizo? Ena amati inde, popeza mudzi wopanda mlonda sugona tulo, ndipo mlimi wopanda womugula mbewu amavala sanza ngakhale nkhokwe zake zitadzaza. Ena amati iyayi, pakuti wamalonda amatsata phindu lake, ndipo mwini mfuti amatsata mphamvu zake. Ife sitisowa kuoloka nyanja kuti tikafunse anzeru za mlandu umenewu, chifukwa tili nalo dera limene mfuti, malonda ndi mawu achifundo zidalowera m'ngalawa imodzi, nizikhala zikutsatana kwa zaka zoposa 160: ndilo chigwa cha Shire, kuyambira pa mathithi a Kapichira m'boma la Chikwawa, kutsikira ku Nsanje, kufikira pa chipata cha Marka.

Mzungu asanaponde m'chigwamo, Amang'anja adali kale ndi chuma chawo, ndipo ichi nchofunika kuchinena poyamba, popeza amene amadzitcha opatsa amakonda kufotokoza olandira ngati anthu amene adawapeza ali manjamanja. Pansi pa ufumu wa Lundu, ndi wa Tengani chakumunsi, anthu ankalima mapira ndi nyemba kumtunda m'nyengo ya dzinja, ndipo madzi akaphwa ankatsikira kumadimba kukabzala chimanga, maungu ndi mbatata pa dothi lonyowa limene mtsinje wasiya, kotero kuti chaka chimodzi chinkawapatsa zokolola ziwiri. Amayi ankapala dothi lamchere, nalithira mumphika wobooka pansi, nathirapo madzi kuti adonthere m'mbiya, ndipo madziwo ankawaphika kufikira atauma, nkutsala mchere woyera umene ankasinthanitsa ndi makasu a amisiri osula a kumapiri. Abambo ankapota thonje la m'minda mwawo ndi kuomba nsalu zolimba. Mvula ikachedwa, mafumu ankatumiza nsembe kwa Mbona ku Khulubvi. Sindikunena kuti kudalibe njala, nkhondo kapena ukapolo. Ndikunena kuti kudali dziko la eni ake, lokhala ndi malamulo ake, misika yake ndi mitulo yake.

M'mwezi wa Januwale 1859 David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire pa sitima yapamadzi yotchedwa Ma Robert, ndipo anthu a Tengani adaima m'mbali mwa mtsinje ndi mauta ndi mivi, kufuna kudziwa chimene mlendoyo wadzera. Chimene adadzera chidali chodziwika kwawo ku Britain, kumene adalalikira kuti ukapolo udzatha pokhapokha Chikhristu chitayenda pamodzi ndi malonda oyera, ndipo boma la kwawoko lidampatsa mapaundi 5,000 a ulendowo. Pamene adaona thonje m'midzi ya Amang'anja mtima wake udakondwa kwakukulu, pakuti makina oomba nsalu a ku Lancashire ankadalira thonje lolimidwa ndi akapolo ku America, ndipo iye adaganiza kuti chigwa chimenechi chikhoza kudyetsa makinawo, mlimi wa kuno napeza nsalu ndi ndalama, wogula akapolo nasowa chogula. Sitikayika konse kuti munthuyo adadana ndi ukapolo ndi mtima wake wonse. Koma tiyenera kuonanso kuti kuyambira tsiku loyambalo, chifundo cha kwa Mmang'anja ndi njala ya makina a ku Lancashire zidamangidwa mtolo umodzi, ndipo amene adadza pambuyo pake sadavutike kusiyanitsa ziwirizo.

Makolo adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kamene Livingstone adasiya m'chigwa sikadali thonje ayi, koma kagulu ka amuna amene adachokera nawo kwa mfumu Sekeletu ku Zambezi wakumtunda, amene timawatcha Amagololo. Amuna amenewa, osakwana ngakhale makumi awiri, adatsalira pafupi ndi mudzi wa Chibisa ali ndi mfuti za pa ulendowo m'manja mwawo. Nthawi yomweyo dziko lidagwa m'tsoka losaneneka: mvula idakana m'zaka za 1862 ndi 1863, othawa nkhondo ya Ayao adatsika kumapiri nadzaza m'chigwa, ndipo Paul Marianno, amene anthu ankamutcha Matekenya, adakwera mtsinje ndi achifwamba ake kugwira akapolo ndi kutentha nkhokwe, kufikira mitembo idayandama pa Shire ndipo ng'ona zidakhuta. M'chipwirikiti chotero munthu wa mfuti ndiye adasanduka linga. Anjala ndi amasiye adathawira kwa Amagololo, ndipo pamene boma la Britain lidaitanitsa ulendo wa Livingstone mu 1863, iye nachoka chaka chotsatira, antchito ake aja adali atayamba kale kulandira mitulo ndi kuweruza milandu.

Apa ndi pamene mlandu wathu uli wovuta, ndipo sitiyenera kuudumpha. Kasisi, Chipatula, Mlauli, Katunga, Maseya ndi Mlilima adamanga midzi ikuluikulu ya malinga, natsekereza ogula akapolo, nalondera madooko a Shire kuti adani asaoloke mwachisawawa. Anthu ambiri amene akadafera m'goli pa njira ya ku Quelimane adakalamba ndi kuona zidzukulu chifukwa cha malinga amenewo. Komanso ndi mfuti zomwezo adagwetsa ufumu wa Lundu, natenga akazi a eni dziko, nalimitsa anthu m'minda yawo mokakamiza, nalanga olakwa ndi zilango zoopsa zimene alendo a nthawiyo adazilemba ndi mantha. Zidzukulu zawo lero ndi mafumu athu olemekezeka a m'boma la Chikwawa, Amang'anja m'chilankhulo ndi m'magazi, ndipo mpando wa Lundu udabwezeredwa ulemu wake m'ulamuliro wa Dr Banda. Palibe chifukwa chodzutsira chidani chimene nthawi idachiziziritsa. Chimene ndifuna kuti tione nchakuti mfuti zija zidateteza ndi kupondereza tsiku limodzi lomwelo, ndipo palibe Mmang'anja ndi mmodzi yemwe amene adafunsidwa ngati akufuna chitetezo cha mtengo wotero.

Malonda oyera aja adafikadi. Mu 1878 anthu opemphera a ku Glasgow adakhazikitsa kampani yoti izitumikira mamishoni a Livingstonia ndi Blantyre ndi kugula katundu wa m'dziko, ndiyo African Lakes Company imene anthu adaitcha Mandala, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Sitima yawo, Lady Nyasa, inkakwera mtsinje kufikira kwa Katunga, kumene amtengatenga ankasenza mitolo kukwera nayo phiri mpaka ku Blantyre. Koma katundu amene adali ndi phindu lokwanira kulipira ulendo wautali wotero sadali thonje. Idali minyanga ya njovu, imene inkachokera m'madambo aakulu a pakati pa Chikwawa ndi Chiromo ndi kwina, ndipo mfumu yogulitsa minyanga siinkakhutira ndi nsalu ndi mikanda yokha, inkafunanso mfuti ndi wonga zoti alenje ake akaphere njovu zina. Motero malonda amene adadza kudzathetsa chiwawa adayamba kudyera pa chiwawa. Mu 1884 mzungu wina wamalonda, George Fenwick, amene kale adagwirapo ntchito pa mishoni ya Blantyre, adakangana ndi Chipatula pa za malipiro a minyanga, namuwombera ndi mfuti. Anthu a mfumuyo adapha Fenwick, namiza Lady Nyasa, ndipo njira ya pamtsinje idatsekeka kwa miyezi.

Chaka cha 1889 ndicho chidaonetsa poyera tanthauzo la chitetezo cha mlendo. Apwitikizi, amene ankati chigwa chonse nchawo, adatumiza Serpa Pinto ndi gulu lalikulu la asilikali. Angerezi nawo, kudzera mwa Harry Johnston ndi John Buchanan, adapangana mapangano ndi mafumu a Amagololo, nawapatsa mbendera za Britain, nalengeza kuti dzikolo lili pansi pa mthunzi wa Mfumukazi Victoria. M'mwezi wa Novembala anthu a Mlauli adapita kukakumana ndi Apwitikizi chakumunsi kwa mtsinje wa Ruo atanyamula mbendera zomwezo, mfuti zawo zili za gogodera zothira wonga kukamwa, pamene adani awo adali ndi mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza. Ndipo adagwa ambiri, popanda msilikali ndi mmodzi yemwe wa Mfumukazi woima pambali pawo. Imfa zawo zidapindulira Britain, pakuti pa 11 Januwale 1890 Lord Salisbury wa boma la Britain adalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pangano la 1891 lidadula malire amene tili nawo lero. Mafumu aja, amene adaganiza kuti apeza bwenzi lowathandiza kusunga ufumu wawo, adazindikira posachedwa kuti apeza mbuye.

Mbuyeyo adadza ndi ngalawa ziwiri zankhondo, Mosquito ndi Herald, ndipo yachiwiriyo ndiyo idapatsa dzina doko la Port Herald, limene lero ndi Nsanje. Adadzanso ndi asilikali a ku India, ndipo ndalama zoyendetsera boma latsopanolo, mapaundi 10,000 pa chaka, zinkachokera kwa Cecil Rhodes ndi kampani yake ya British South Africa, imene siidali kampani ya zachifundo. Asilikaliwo adathetsadi malonda a akapolo m'zaka zochepa, ndipo chimenecho tiyenera kuchivomereza mosanyinyirika. Koma mtengo wa mfuti zawo udagwera yani? Udagwera mwini nyumba, amene adayamba kulipira msonkho m'zaka zoyamba zomwezo, ndipo amene, akalephera, ankaona nyumba yake ikutenthedwa kapena mkazi wake akugwidwa chikole ndi asilikali omwewo amene adati adadza kudzamteteza.

Thonje la maloto a Livingstone lidadzuka m'zaka zoyamba za 1900, pamene eni makina a ku Lancashire adapanga bungwe la British Cotton Growing Association mu 1902, kuti lifalitse ulimi wa thonje m'maiko a atsamunda. Bungwelo lidaimika makina ochotsa njere ku Port Herald, boma lidagawa mbewu, ndipo mu 1923 awiriwo adapangana kuti bungwelo lokha ndilo lizigula thonje la alimi a pa malo a boma, pa mtengo wolengezedwa pasadakhale. Tsiku la msika linkakhala tsiku lalikulu: mabanja athunthu ankalawira m'bandakucha, mitolo yoyera ili pamutu, nakhala pamzere padzuwa la Shire kufikira kalaliki atapisa dzanja m'mtolo, nayang'ana ngati thonjelo lili loyera kapena lothimbirira, nalikoleka pa sikelo, natchula mtengo umene mlimi sankatha kuutsutsa popeza kudalibe wogula wina, ndipo kawirikawiri wokhometsa msonkho ankakhala chapafupi pomwepo, kotero kuti ndalama ina inkangodutsa m'dzanja la mlimi popita kuthumba la boma. Komabe zaka za m'ma 1920 zidali za mwanaalirenji kwa ambiri: anthu adagula nsalu, njinga ndi ziwiya m'masitolo a Amwenye, anyamata adaleka kupita kutali kukafuna ntchito, ndipo Asena ambiri adaoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa ntchito yokakamiza ya kumeneko. Ubwino umenewo udali weniweni, ndipo udali malipiro a thukuta la mlimi, osati mphatso ya munthu aliyense. Umboni wake ndi uwu: pamene mitengo idagwa pa dziko lonse kuyambira 1929, ndi pamene madzi a Shire adakwera m'zaka za m'ma 1930 namiza madimba, wogula uja sadasenze nawo tsokalo, popeza sadapanganepo kutero. Kupatsa nkuika, adatero akale. Koma wogula saika kanthu kwa wogulitsa, amatenga chake nasiya mtengo wake, ndipo pamenepo ubale watha.

Koma nkhani imene iyenera kuphunzitsidwa m'sukulu zathu zonse, chifukwa imaonetsa bwino lomwe mmene malonda amavalira mkanjo wa chithandizo, ndi ya njanji. Madzi a Shire atachepa, sitima zapamadzi zidayamba kulephera kukwera, ndipo njanji idamangidwa kuchokera ku Port Herald kufika ku Chiromo mu 1904, ku Blantyre mu 1908, ndi kutsikira ku Chindio pa gombe la Zambezi mu 1915. Kenaka adamanga njanji ya Trans-Zambezia yolumikiza tsidya lina la Zambezi ndi doko la Beira, imene idatha mu 1922. Ndipo ngakhale njanji imeneyi idali yonse m'dziko la Apwitikizi, nipindulira kwambiri Mozambique Company ndi anzake a wamalonda Libert Oury amene adaikonza, boma la Nyasaland ndilo lidauzidwa kuchokera ku London kuti likhale chikole cha chiwongoladzanja cha ngongole yake. Mu 1929 nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo la Colonial Development Act, limene ambiri amaliyesa chiyambi cha chithandizo cha Britain ku maiko ena, ndipo lamulolo silidabise cholinga chake: lidanena kuti potukula ulimi ndi ntchito za m'maiko a atsamunda lifuna kukweza malonda ndi mafakitale a Britain, kumene anthu ambiri adali pa ulova. Mwa ntchito zazikulu zimene zidayenda pansi pa lamuloli padali mlatho wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Dona Ana, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, umene idamanga kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington ndi zitsulo za ku Britain, nutsegulidwa mu 1935.

Taonani tsono mmene phindu ndi katundu zidagawidwira. Ntchito ya zitsulo idapita kwa amisiri a ku Britain. Katundu wodutsa padoko adalemeretsa Beira. Ndipo ngongole idatsamira pa dziko laling'ono limene ndalama zake zinkachokera kwa mlimi wa thonje wa kwa Tengani ndi mlimi wa fodya wa ku Lilongwe. Mitengo yonyamulira katundu pa njanjiyo idali yokwera koposa ya maiko oyandikana nawo, kotero kuti mbewu zotsika mtengo monga chimanga sizinkatha kulipira ulendo wa ku nyanja, ndipo wolemba mbiri Leroy Vail adaonetsa kuti ngongole za njanjizi ndizo zidali pakati pa zifukwa zazikulu zimene Nyasaland idasowera ndalama za zipatala, masukulu ndi misewu, amuna ake nabalalika kumka ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Mlandu suwola: umphawi umene tidalandira pa ufulu wa 1964 udali ndi mizu yake ina m'mlatho umene m'mabuku a ku London udalembedwa ngati chitukuko chotipatsa ife.

Mlatho womwewo udaonongedwa m'zaka za m'ma 1980, pa nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, ndipo nkhondo imeneyo ndiyo yankho lomveka koposa kwa amene amati zida nchithandizo. Mbali zonse ziwiri zidali ndi abwenzi akunja: Renamo idaleredwa ndi Rhodesia, kenaka ndi boma la tsankho la South Africa, Frelimo inkalandira zida kuchokera ku Soviet Union ndi anzake, ndipo aliyense wa opereka zidawo ankati akuthandiza anthu a ku Mozambique. Zipatso za chithandizo chimenecho zidaoloka malire zili wapansi, ana ali kumsana, mitu ili ndi timitolo ta ziwiya: othawa nkhondo adafika ku Malawi oposa 1 miliyoni, ndipo m'boma la Nsanje adachuluka kuposa eni dera, msasa wa Mankhokwe nusanduka ngati mzinda. Anthu a m'chigwa, amene ambiri mwa iwo adali abale a othawawo mwa mtundu ndi mwa ukwati, ndiwo adayamba kugawana nawo ufa, zitsime, nkhuni ndi malo olima, mabungwe akunja asanafike ndi magalimoto awo, ndipo nkhalango zidatha mapiri nayera kufikira mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ngati pali wina amene adapereka chithandizo chosayembekeza kubwezeredwa m'zaka zimenezo, ndiye mayi wa ku Nsanje amene adagawa nsima ya ana ake pawiri. Koma dzina lake silili m'kaundula wa maiko opatsa.

Maiko olemera okha adaona kufunika kodula malire pa nkhaniyi. Mu 1969 komiti ya bungwe la OECD ku Paris idagwirizana kuti chithandizo cha boma ndi chokhacho chimene cholinga chake chachikulu nkutukula chuma ndi umoyo wa dziko lolandira, ndipo choperekedwa mwaulere kapena mwa ngongole yofewa. Zida zankhondo ndi malonda wamba zidasiyidwa kunja. Britain, imene idatimangira mlatho ndi zitsulo zake, idaleka mu 2001 kukakamiza olandira chithandizo chake kugula katundu wa kwawo. Lamulo la ku Paris limalola kuwerengera ndalama zoonjezera zimene asilikali aononga populumutsa anthu pa ngozi, ndipo pamenepa ndivomerezana nalo ndi mtima wonse, pakuti amene adaona madzi osefukira a Januwale 2015, pamene asilikali athu ankatola anthu m'mitengo ndi pa zulu za chiswe ku Makhanga ndi mabwato ndi ndege, kapena namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene Tanzania idatumiza asilikali ndi ndege zake kumwera kwa dziko lino, sangakane kuti msilikali akhoza kukhala mpulumutsi. Chimene chidapulumutsa anthu masiku amenewo ndi bwato, chingwe ndi thumba la ufa. Mfuti idatsala ku kampu.

Chiweruzo changa tsono ndi ichi. Malonda ndi chinthu chabwino ndi cholemekezeka, ndipo chigwa cha Shire chiwafuna ambiri, a thonje, a nzimbe za ku Nchalo, a ng'ombe ndi a nsomba. Koma atchedwe ndi dzina lawo, kuti mlimi aime pa sikelo ngati mwini katundu wokhoza kukana mtengo, osati ngati wopemphetsa woyenera kuwomba m'manja. Chitetezo nacho nchofunika, koma chuma chimene dziko lina laononga pa zida zake ndi pa nkhondo zake lachionongera zofuna zake, ndipo lisatilembere ife ngati ngongole ya kuthokoza. Inu aphungu a Chikwawa ndi Nsanje, inu mafumu ndi nduna zanu, mlendo akadzafikanso ndi pangano la doko, la njanji, la munda kapena la asilikali, nati wadza kudzathandiza, mulandireni mwaulemu monga mwa mwambo wathu, mumpatse mpando ndi madzi akumwa. Koma musanaike chala pa pepala, mufunseni pamaso pa anthu anu kuti adzalipira ndani, adzagula kwa yani, ndipo zinthu zikadzavuta adzasenza katunduyo ndani.